Thanos, chimphona chimene chinafunsira Imfa

Anthu ambiri amene amadziwa dzina la Thanos masiku ano analimva koyamba m'mafilimu a kampani ya Marvel, makamaka ija ya mu 2018 yotchedwa Avengers: Infinity War, mmene chimphona cha khungu la mtundu wa pepo ndi chibwano cha mizeremizere chinaliza zala, theka la zamoyo zonse n'kusanduka fumbi. M'filimu imeneyi Thanos ndi munthu wa masamu, amene wawerengera kuchuluka kwa zamoyo ndi kuchepa kwa chakudya, n'kugamula kuti theka liyenera kufa kuti theka linalo likhute. Koma m'mabuku a nthano za zithunzi, mmene Thanos anabadwira zaka 45 filimuyo isanatuluke, muli munthu wina wosiyana kwambiri ndi ameneyu. Thanos wa m'mabuku amapha chifukwa akufunsira mkazi, ndipo mkaziyo ndi Imfa yeniyeniyo, imene amaijambula itavala mkanjo wakuda wophimba kumutu, nthawi zina ili ndi nkhope ya mtsikana wokongola, nthawi zina ili ndi chibade chokhachokha. Ine ndimaona kuti Thanos ameneyu ndi amene ali wozama ndiponso woopsa, ndipo mbiri ya kasindikizidwe kake ndi mbiri ya mlembi mmodzi amene ankachoka ndi kubwerera kwa mwana wa m'maganizo ake kwa zaka zoposa makumi anayi.

Mlembiyo ndi Jim Starlin, amene anabadwira mumzinda wa Detroit ku America mu 1949. Anatumikirako m'gulu la asilikali a pamadzi ngati wojambula zithunzi pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, ndipo atatuluka usilikali analowa m'kalasi la maphunziro a kaganizidwe ka munthu, kumene anamva chiphunzitso cha otsatira Sigmund Freud chonena kuti mwa munthu muli zilakolako ziwiri zokokana, china chofuna moyo ndi chikondi, chotchedwa Eros, china chokokera ku imfa, chotchedwa Thanatos. Pa ziwirizi Starlin anaumba ana awiri a bambo mmodzi, Eros ndi Thanos. Iye mwini wakhala akuvomereza poyera kuti maonekedwe oyambirira a Thanos anawatengera kwa Metron, mmodzi wa anthu a m'nthano za New Gods zimene Jack Kirby ankalemba ku kampani ya DC, ndiponso kuti mkonzi wa ku Marvel, Roy Thomas, ataona zojambulazo anamulangiza kuti amunenepetse munthuyo, popeza ngati akubwereka kwa Kirby kunali bwino kubwereka kwa Darkseid, mdani wamkulu wa m'nthanozo amene anaonekera koyamba mu 1970. N'chifukwa chake mpaka lero owerenga amakangana za kufanana kwa awiriwa. Kufananako kuli pathupi pokha, chifukwa Darkseid amafuna kuti zonse zikhale ndi moyo koma zimugwadire, pamene Thanos amafuna kuzipereka zonse kumanda ngati mphatso.

Thanos anaonekera koyamba mu kope la nambala 55 la Iron Man, la mwezi wa February 1973, limene Starlin anajambula ndi kukonza nkhani yake, Mike Friedrich n'kulemba mawu oyankhulana. M'kope lomwelo munabadwanso Drax the Destroyer, munthu amene anaumbidwa ndi cholinga chimodzi chokha, chopha Thanos. Kwawo kwa Thanos ndi ku Titan, mwezi waukulu kwambiri wa pulaneti ya Saturn, kumene nthanoyi imati pansi pa nthaka pake pali mtundu wa anthu anzeru zakuya ndi a moyo wautali. Bambo ake ndi Mentor, mtsogoleri wa mtunduwo, ndipo mayi ake ndi Sui-San. Patapita zaka, alembi ena analumikiza anthu a ku Titan ndi mtundu wa Eternals umene Kirby anayambitsa mu 1976, n'kufotokoza kuti khungu ndi nkhope ya Thanos zinadza chifukwa anabadwa ndi chibadwa cha adani awo, a Deviants.

Nkhani yoyamba yaitali inabwera m'mabuku a Captain Marvel, kuyambira kope la 25 mpaka la 33, m'zaka za 1973 ndi 1974. Buku limeneli silinkagulidwa kwambiri, ndipo mwina n'chifukwa chake wojambula wachinyamata anapatsidwa ufulu wochita nalo zimene ankafuna. M'nkhaniyi Thanos akusakasaka chipangizo chotchedwa Cosmic Cube, chimene chimasandutsa chofuna cha mwini wake kukhala chenicheni, ndipo atachipeza akudzisandutsa mulungu, nkhope yake n'kudzaza thambo lonse. Pamenepo akuchita chinthu chimene owerenga a nthawiyo anachiona ngati kupusa wamba kwa mdani wa m'nthano: akutaya chipangizocho pansi poganiza kuti mphamvu zake zonse wazimwa, ndipo Captain Marvel, amene dzina lake lenileni ndi Mar-Vell, akuchiphwanya, umulungu wa Thanos n'kutha pomwepo. Imfa, imene inali itaima pambali pake nthawi yonseyi osatulutsa mawu, ikumusiya.

Kenako Starlin anatenga Adam Warlock, ngwazi ina imene buku lake linali litaimitsidwa, n'kulemba nkhani za mu 1975 ndi 1976 m'mabuku a Strange Tales ndi Warlock, zimene ambiri amaziyesa ntchito yake yapamwamba kwambiri ya zaka zimenezo. Muno Thanos akuoneka ngati bwenzi, chifukwa akuthandiza Warlock kulimbana ndi Magus, amene ndi Warlock yemweyo wa m'tsogolo atapenga n'kukhala mulungu wa mpingo wankhanza wotembenuza mitundu ndi lupanga. Muno ndi mmenenso munatulukira Gamora, mtsikana wa khungu lobiriwira amene Thanos anamulera n'kumuphunzitsa kupha. Ubwenziwo unali wa zifukwa zake, popeza Magus anali woimira moyo, ngakhale moyo wopotoka, ndipo anali chopinga pa njira ya wofunsira Imfa. Mu 1977, m'makope awiri apachaka, Avengers Annual 7 ndi Marvel Two-in-One Annual 2, Thanos akusonkhanitsa mphamvu za miyala isanu ndi umodzi, imene panthawiyo inkatchedwa Soul Gems, kuti azimitse nyenyezi zonse zakumwamba monga mphatso yopepesera kwa wokondedwa wake. Gamora akufa ndi dzanja la amene anamulera, Warlock nayenso akufa, koma Spider-Man akumasula mzimu wa Warlock m'mwala mmene unali, ndipo mzimuwo ukusandutsa Thanos kukhala chiboliboli cha mwala. Chilangochi chinali choganiziridwa bwino, chifukwa munthu wolakalaka Imfa anatsekeredwa pamalo pamene sali moyo komanso sanafe.

Kwa zaka pafupifupi khumi ndi zitatu Thanos anakhala mwala, zimene n'zachilendo m'mabuku otere, mmene adani ogonjetsedwa amabwerera pakangopita miyezi yochepa. Pa nthawi imeneyi anaonekera kamodzi m'njira imene ine sindiiwala, m'buku la mu 1982 lotchedwa The Death of Captain Marvel, loyamba pa mndandanda wa mabuku akuluakulu a Marvel Graphic Novel. Mar-Vell, amene anagonjetsa adani a m'mlengalenga, akudwala khansa, ndipo anzeru onse a m'nthanozi akulephera kumuchiritsa. Starlin analemba bukuli bambo ake omubereka atangomwalira ndi matenda omwewo, ndipo zimenezi zimamveka pa tsamba lililonse. Kumapeto, ngwazi zonse zitazungulira bedi la wodwalayo ku Titan, Mar-Vell akulota chiboliboli chija chitadzuka. Thanos akumubwezera mphamvu za unyamata wake, akumenyana naye nkhondo yomaliza kuti msilikaliyo asafe chogona, kenako akumuperekeza kwa Imfa, imene ikumupsompsona, ndipo atatuwo akuyenda limodzi kulowera kowala. Pano mdani wasanduka woperekeza, ndipo chikondi chake pa Imfa, chimene kale chinkaoneka ngati misala yokha, chikuoneka ngati chidziwitso chimene wodwala aliyense amafunika pa ola lake lomaliza. Ndi masamba ochepa chabe, koma amene anakhalapo pambali pa m'bale wodwala kwa nthawi yaitali amawamva mumtima.

M'zaka za m'ma 1980 Starlin anatanganidwa ndi ntchito zina, monga nthano yakeyake ya Dreadstar ndi nkhani za Batman ku DC, kumene analembanso za Darkseid yemwe uja mu Cosmic Odyssey ya mu 1988. Atabwerera ku Marvel anapatsidwa buku la Silver Surfer, ngwazi youluka m'mlengalenga, ndipo mu kope la 34, la February 1990, Imfa inaukitsa Thanos. Apa ndi pamene pali muzu wa maganizo amene mafilimu anatenga. Imfa inaona kuti amoyo achuluka kuposa onse amene anafapo, ndipo inamutuma kuti akonze kusalinganako pochotsa theka la zamoyo. Thanos akufotokozera Silver Surfer za kuchulukana kwa anthu ndi kutha kwa chuma cha m'nthaka, koma wowerenga akudziwa kuti mfundozo n'zongokometsera, chifukwa chomuyendetsa chenicheni n'chakuti mkazi uja wamupatsa ntchito, ndipo iye akuyembekeza kuti akaimaliza adzakhala pampando woyandikana naye.

Chaka chomwecho kunatuluka The Thanos Quest, nkhani ya makope awiri yojambulidwa ndi Ron Lim, imene kwa ine ndi mtima wa mbiri yonseyi. Mulibe ngwazi m'nkhaniyi. Thanos yekha akuyenda kukalanda miyala isanu ndi umodzi ija, imene tsopano akuitcha Infinity Gems, kwa eni ake akalekale: In-Betweener, Champion, Gardener, Runner, Collector ndi Grandmaster. Chokoma chake n'chakuti pafupifupi onse akuwagonjetsa ndi nzeru. Champion, wankhondo wonyada amene ali ndi mwala wa mphamvu koma sakudziwa kuti ndi umene ukumulimbitsa, Thanos akumuputa mpaka Champion akuphwanya pulaneti imene aimapo, ndipo atatsala akuyandama m'mlengalenga wopanda pothawira, akupereka mwalawo posinthana ndi lonjezo lomufikitsa pa pulaneti ina. Thanos akusunga lonjezolo mwa njira yake, pomuponya kuchokera kumwamba. Miyala yonse itakwanira pa golovesi ya kudzanja lake lamanzere, akubwerera kunyumba ya Imfa ali wolamulira nthawi, malo, maganizo, mizimu, mphamvu ndi zenizeni zonse. Akukhala pampando pambali pake, koma Imfa ikupitiriza kumuyankha kudzera mwa wantchito wake. Atafunsa chifukwa, wantchitoyo akumuuza kuti kale Imfa sinkamuyankhula chifukwa anali wotsika, ndipo tsopano singamuyankhule chifukwa wakwera kuiposa, moti sali wofanana nayo koma mbuye wake. Munthu amene wagonjetsa chilengedwe chonse akuchoka pamalopo misozi ili m'maso. Sindidziwa mdani wina wa m'nthano zoterezi amene kupambana kwake kunalembedwa momvetsa chisoni chotere.

Ndiye kunabwera The Infinity Gauntlet mu 1991, makope asanu ndi limodzi, oyambirira ojambulidwa ndi George Pérez, otsiriza ndi Ron Lim. Kuliza zala kotchuka kuja kukuchitika m'kope loyamba lenilenilo, osati kumapeto monga m'filimu, ndipo kukuchitika mopepuka moopsa: Thanos wamangira Imfa kachisi woyandama m'mlengalenga, Imfa sikumuyang'ana n'komwe, ndipo Mephisto, mdyerekezi amene wadziika kukhala mlangizi wake, akumukumbutsa kuti ntchito imene anatumidwa sanaichite. Akuliza zala, theka la zamoyo likuzimirira, koma Imfa ikukhalabe chete. Pofuna kuichititsa nsanje akudzilengera mkazi wina, Terraxia, koma nazonso sizikuthandiza. Zonse zimene akuchita ndi za mnyamata wofunsira mbeta yomwe yamukana kale, amene m'malo momva kukanako amangowonjezera mphatso, kusiyana kwake n'kwakuti mphatso za ameneyu ndi mitembo. M'kope lachinayi ngwazi zotsala zikumuukira ndipo zikugwa imodzi imodzi, mpaka kutsala Captain America yekha, munthu wamba poyerekeza ndi mulungu amene ali patsogolo pake, akuyenda pang'onopang'ono pakati pa anzake akufa kukaima maso ndi maso ndi Thanos.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri chili m'kope lachisanu. Thanos atagonjetsa ngakhale Eternity, amene ndi chilengedwe chonse chitavala umunthu, akutuluka m'thupi lake kuti atenge malowo, n'kusiya thupi lili chikhalire ndi golovesi kudzanja. Nebula, amene ankadzitcha mdzukulu wake ndipo Thanos anamusandutsa chinthu chowola chosafa komanso chosakhala moyo, akungotambasula dzanja n'kuvula golovesiyo. Apa Adam Warlock, amene wabwerera kuchokera m'mwala wa mizimu mmene anaona mtima wa Thanos kuchokera mkati, akumuuza choonadi chimene chikumasulira nkhani zonse za m'mbuyo: nthawi iliyonse imene wapeza mphamvu zopanda malire, iye mwini ndi amene wasiya khomo lotsegula kuti agonjetsedwe, chifukwa pansi pa mtima amadziwa kuti sali woyenera mphamvuzo. Ndi mawu amenewa Starlin anatenga chizolowezi chotopetsa cha nthano zoterezi, chakuti mdani amalakwitsa pa mphindi yomaliza kuti ngwazi ipambane, n'kuchisandutsa khalidwe la munthu. Kutaya Cosmic Cube kwa mu 1974 kunasiya kukhala kupusa, kunakhala chizindikiro choyamba cha nthenda. Nkhaniyo ikutha Thanos atanamizira kufa, ali mlimi pa pulaneti yopanda dzina, zovala zake zankhondo atazipachika pamtengo m'munda kuti ziziopseza mbalame, pamene golovesi ili m'manja mwa Warlock.

Bukuli linagulidwa kwambiri, ndipo linatsatiridwa ndi The Infinity War mu 1992 ndi The Infinity Crusade mu 1993, mmene Thanos akuthandiza ngwazi kupulumutsa chilengedwe. Nkhani ziwirizi zili ndi zokoma zake, koma zikuoneka kuti kampani inkafuna kukama ng'ombe yomwe yapereka mkaka, ndipo sizifika pa msinkhu wa yoyamba ija.

Vuto linadza pamene alembi ena anayamba kumugwiritsa ntchito. Ku Marvel, munthu wa m'nthano ndi katundu wa kampani, osati wa amene anamulenga, choncho aliyense wofuna mdani wamkulu ankatha kutenga Thanos n'kumubwezera ku uchigawenga wamba, ngati kuti ulimi uja ndi kudzizindikira kuja sizinachitike. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anaoneka akulimbana ndi Ka-Zar, munthu wa m'nkhalango wopanda mphamvu zachilendo, kenako ndi Thor. Starlin atabwerera mu 2002 ndi Infinity Abyss anayankha m'nthano momwemo, pofotokoza kuti Thanos anapanga zifanizo zake zamoyo zotchedwa Thanosi, ndipo kuti amene ankagonjetsedwa m'nkhani zina zija anali zifanizozo. Ena amaona zimenezi ngati nsanje ya mlembi, koma ine ndimazimvetsa, chifukwa munthu amene unamumanga kwa zaka makumi atatu kuti akule m'maganizo, n'zopweteka kumuona atabwezedwa paubwana ndi dzanja la wina. Mu Marvel: The End ya mu 2003 anafika pomulemba akuwononga chilengedwe chonse kenako n'kudzipereka kuti chibwerere, ndipo Imfa inamuyankhula ndi kumupsompsona. Buku lokhala ndi dzina lake lenileni, Thanos, linayamba chaka chomwecho n'kufika makope 12, asanu ndi limodzi oyamba a Starlin, otsalawo a Keith Giffen.

Si alembi onse amene anamuwononga. Giffen, mu Annihilation ya mu 2006, analola Drax kukwaniritsa cholinga chimene anaumbidwira mu 1973, poboola Thanos pachifuwa n'kuzula mtima, ndipo anachita zimenezi pa mphindi imene Thanos anali pafupi kumasula Galactus, chimphona chodya mapulaneti, kuti apulumutse chilengedwe kwa Annihilus, mdani wamkulu wa m'nkhaniyo, moti kubwezera kwa Drax kunatsala pang'ono kuphetsa onse. Dan Abnett ndi Andy Lanning, mu 2010, anamuukitsa iye asakufuna, ali wokwiya chifukwa amuchotsa pambali pa wokondedwa wake, ndipo mu The Thanos Imperative anamutumiza ku chilengedwe china kumene imfa inagonjetsedwa ndipo moyo wakula mopanda malire ngati chotupa. Alembi amenewa anamvetsa chimene chimamuyendetsa. Koma Thanos Rising ya mu 2013, yolembedwa ndi Jason Aaron ndi kujambulidwa ndi Simone Bianchi, ngakhale ili ndi zithunzi zokongola, ndimaiona kuti inamuchepetsa. Ikufotokoza ubwana wake, mayi ake akufuna kumupha atangomuona, iye akukula n'kuyamba kutumbula nyama kenako anthu, ndipo ikusiya chikayiko chakuti mwina Imfa imene amaiona ili m'mutu mwake mokha. Akakhala wodwala misala wamba, ndiye kuti ulemu wachilendo uja umene anaperekeza nawo Mar-Vell ulibenso pochokera. Chaka chomwecho Jonathan Hickman, mu Infinity, anamupatsa akazembe otchedwa Black Order ndi mwana wamwamuna, Thane, ndipo akazembewo ndi amene anadzaonekera m'mafilimu.

Chochititsa chidwi n'chakuti mafilimuwo poyamba ankaoneka kuti atsatira njira ya m'mabuku. Kumapeto kwa The Avengers ya mu 2012, wantchito wina akuuza mbuye wake kuti kulimbana ndi anthu a pa dziko lapansi kuli ngati kufunsira imfa, ndipo Thanos akutembenuka n'kumwetulira, zimene owerenga mabuku anazimva nthawi yomweyo. Pofika mu 2018, Josh Brolin atatenga gawolo, Imfa inali itachotsedwa m'nkhani ndipo kunatsala mfundo ya kuchulukana kwa zamoyo. Ndikumvetsa chifukwa chake, popeza kulowetsa Imfa ngati mkazi m'filimu yodzaza kale ndi anthu ambirimbiri kukanasokoneza oonera. Komabe kusinthaku kunabala funso limene aliyense wotuluka mu kanema ankafunsa, lakuti munthu wokhala ndi mphamvu zonse analekeranji kungochulukitsa chakudya. Kwa Thanos wa m'mabuku funsoli silibuka n'komwe, chifukwa iye sankafuna kupulumutsa aliyense. Thanos wa m'filimu amagonjetsedwa ndi mphamvu ndi kudzipereka kwa adani ake, pamene wa m'mabuku amagonjetsedwa ndi chimene amadziwa za iye mwini, ndipo chachiwirichi n'chimene chimandipangitsa kubwerera ku masamba akalewo.

Starlin anapitiriza kulemba mabuku akuluakulu a Thanos kuyambira ndi The Infinity Revelation mu 2014, koma chakumapeto kwa 2017 analengeza kuti akusiyana ndi nthambi ya mabuku ya Marvel, podandaula kuti nkhani ina ya Thanos imene akonzi anavomereza inkafanana ndi imene iye ankalemba. Ndi opanga mafilimu anakhalabe pa ubale wabwino, ndipo mu Avengers: Endgame ya mu 2019 akuoneka mwachidule atakhala m'gulu la anthu ofedwa amene akulimbikitsana pambuyo pa kuliza zala kuja. Amene anadziwa Thanos kudzera m'mafilimu ndipo akufuna kukumana ndi wa m'mabuku asayambire pa The Infinity Gauntlet, ngakhale ndi lotchuka kwambiri. Ayambire pa makope awiri a The Thanos Quest, chifukwa popanda kuona yankho limene wantchito wa Imfa anapereka, kuliza zala kwa mu The Infinity Gauntlet kumaoneka ngati nkhanza chabe, pamene kwenikweni ndi kuchonderera kwa munthu amene wauzidwa kale kuti sadzayankhidwa.